Chowambira nyama cha nkhuni: ndigule chopangidwa kale kapena ndiwotcheretse changa?

Mlendo pa Moto analemba:

Moni kwa nonse, makamaka kwa inu akuluakulu amene mwakhala mukusonkha moto pansi pa nyama kwa zaka zambiri. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu mwakachetechete, koma lero ndati nane nditulukire poyera, popeza nkhani imene ndili nayo yandiimitsa mutu.

Kuotcha nyama pa makala, kuitembenuza kangapo n'kuiphula pakatha mphindi 20, ndimakudziwa bwino. Chimene ndikufuna kuphunzira ndi kuwamba nthuli zikuluzikulu pang'onopang'ono, kwa maola 8 kapena 12, ndi moto wofatsa komanso utsi wa nkhuni, mpaka nyama yolimba ngati ya pachifuwa cha ng'ombe kapena ya paphewa la nkhumba ifewe moti munthu n'kumainyotsola ndi zala. Ndinailawa kamodzi kokha kwa mnzanga wina, ndipo chiyambire tsiku limenelo nyama yanga yootcha sindikuimvanso kukoma monga kale.

Njira zimene zili patsogolo panga ndi ziwiri. Yoyamba ndi kugula chowambira chopangidwa kale, chija chooneka ngati mgolo wogona, chokhala ndi bokosi la moto m'mbali ndi chumuni mbali inayo. Ndinakachiona chimodzi, ndipo m'maonekedwe chinandikopa ndithu, koma nditachigogoda ndi chala chinalira ngati chitini chopanda kanthu, komanso chivindikiro chake ndinachikweza ndi zala ziwiri zokha. Zolemera zenizeni ziliko, koma mtengo wake umafuna munthu kuyamba wakhala pansi. Njira yachiwiri ndi kupangitsa changa. Alamu anga ali ndi chidutswa cha paipi yachitsulo, masentimita 60 m'mimba mwake ndi 120 m'litali, komanso thanki yakale ya gasi ndi thanki ina ya madzi, ija yonyezimira ngati malata, ndipo akuti nditha kusankha chimene ndikufuna. Akudziwanso mnyamata wina wodziwa kuwotcherera.

Pabanja pathu tilipo anthu 6, ndipo kangapo pachaka timalandira alendo okwana mwina 15. Ndikupempha amene munayendapo njira imeneyi kuti mundiuze ngati chopyapyala chija chingandithandize kuphunzira, kapena ngati ndidzangotaya ndalama. Ndipo ngati kupangitsa n'kwabwino, pa zitsulo zitatuzi ndisankhe chiti, nanga miyezo yake ikhale yotani?

Mmisiri wa Zitsulo anayankha:

Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kutchula zitsulo zimene muli nazo musanayambe kudula chilichonse. Ndiyamba ndi zimene zingakuvulazeni, za nyama zibwere pambuyo.

Thanki ya madzi yonyezimirayo ichotseni m'maganizo. Kunyezimira kumeneko ndi zinki amene anakutira chitsulocho kuti chisachite dzimbiri, ndipo zinki amasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 420, pamene makala a m'bokosi la moto amatentha kuposa pamenepo, osanena za moto wowotcherera. Ndili wophunzira ntchito ndinawotcherera chitsulo chotere masana onse m'kachipinda kopanda mazenera. Utsi wake unali woyera, mkamwa ndinkamva ngati ndavwata ndalama yachitsulo, ndipo usiku ndinanjenjemera ndi kuphwanya thupi ngati wagwidwa ndi chimfine chachikulu. Wovutika woyamba adzakhala mnyamata wanu wowotchererayo, ndipo palibe chifukwa choti utsi wotero uyandikire chakudya.

Thanki ya gasi ndi chitsulo chabwino kwambiri, ndipo zowambira zambiri zotchuka zinachokera ku mathanki otere. Aaron Franklin, amene anatsegula malo ake ogulitsira nyama ku Austin m'boma la Texas ku America mu 2009, amadziwika ndi zowambira zopangidwa kuchokera ku mathanki akuluakulu akale a gasi wotchedwa propane. Koma propane ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho satuluka yekha, amatsalira pansi pa thanki ngakhale papite nthawi yaitali, ndipo moto wothetheka kuchokera ku makina odulira ndi wokwanira kuiphulitsa. Odziwa ntchitoyi amachotsa vavu, n'kudzaza thankiyo ndi madzi mpaka kusefukira, n'kuisiya masiku angapo asanaikhudze. Ngati mnyamata wanu sanadulepo thanki ya gasi, musalole kuti aphunzirire pa yanu.

Chotsala ndi paipi, ndipo ndiyo ndikanasankha ngakhale zinazo zikanakhala zopanda vuto. Ndi mapaipi otere amene amisiri a kuzitsime za mafuta ku Texas ndi ku Oklahoma ankapangira zowambira za bokosi la m'mbali, ndipo Joe Davidson atayamba kugulitsa zake za dzina la Oklahoma Joe's mu 1987, chimene anthu ankazitamandira chinali kulemera kwa chitsulo. Fufuzani zinthu ziwiri: chimene chinkadutsa m'paipiyo, ndi kunenepa kwa chitsulo chake. Ngati ndi mamilimita 5 kapena 6, muli ndi mwayi waukulu.

Ndifotokoze chifukwa chake kunenepaku kuli nkhani yaikulu, popeza ndi pomwe pagona yankho la funso lanu loyamba. Nyama yowamba imafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 107 ndi 135 kwa maola ambiri, osakwerakwera kapena kutsikatsika. Moto wa nkhuni pawokha sukhazikika: mukaponya chikuni umalilima, chikatha umazirala. Chimene chimasalaza kusinthasinthaku ndi chitsulo, chifukwa chitsulo chonenepa chimamwa kutentha moto ukakula, n'kumakubweza pang'onopang'ono moto ukachepa. Chopyapyala cha milimita imodzi kapena imodzi ndi theka sichisunga kanthu. Mphepo ikangowomba kapena mvula ikawaza, kutentha kwagwa, ndipo mukatsegula chivindikiro kwa theka la mphindi mumayambanso kumene. Pamwamba pa zimenezi, phulusa likanyowa limadya chitsulo, ndipo pansi pa bokosi la moto lopyapyala sipachedwa kubooka.

Koma kunenepa kumabwera ndi kulemera, ndipo ambiri amadzidzimuka nako mochedwa. Chitsulo cha mamilimita 6, mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, chimalemera makilogalamu pafupifupi 47. Ikakhala ya mamilimita 6, paipi yanu yokha ipitirira pang'ono makilogalamu 100, zotsekera mbali ziwiri ziwonjezera 27, bokosi la moto 70, ndiye kuti mwafika kale pa 200 tisanaikepo miyendo ndi chumuni. Musaike timatayala ta pulasitiki, ndipo malo amene chidzakhale muwasankhiretu.

Za miyezo, paipi yanu mkati mwake mulowa malita pafupifupi 340. Lamulo limene amisiri ambiri timatsata ndi loti bokosi la moto likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a chipinda cha nyama, choncho bokosi la masentimita 50 mbali zonse, limene ndi malita 125, likukwanirani bwino. Likachepa, nkhuni zimasowa mpweya ndipo zimafuka m'malo moyaka. Bokosilo likhale motsika, kuti khomo lolowetsa kutentha likhale pansi pa sefa yoikapo nyama. Chumuni chikhale cha masentimita 10 kapena 12 m'mimba mwake, chotalika pafupifupi mita, ndipo kamwa lake la m'kati litsikire pa msinkhu wa sefa. Zambiri zogula amaboola chumuni pamwamba penipeni, ndiye utsi wotentha umangoyenda kudenga n'kutuluka osakhudza nyama.

Chomaliza n'chokhudza chitseko, ndipo chonde mumuuze mnyamatayo mawu awa momwe alili. Paipi imakhala ndi mphamvu yobisika m'kati mwa chitsulo, ndipo mukadula chitseko chonse nthawi imodzi chimatambasuka pang'ono, osabwereranso pamalo pake. Asiye timalo tating'ono tosadula m'makona, awotcherere mahinjesi kaye, kenako amalize kudula. Akatero azungulize kachitsulo kafulati m'mphepete mwa chitseko kuti katseke mpata umene makina odulira adya. Asaiwalenso kabowo kotulutsira mafuta, kumbali yotalikirana ndi moto, chifukwa mafuta akayenderera kulowera kubokosi la moto mudzaona malawi amene simunawaitane.

Maganizo anga ndi oti mupangitse. Ngati mugula, gulani cholemera.

Mayi wa Mgolo anayankha:

Amisiri afotokoza za chitsulo mosasiya kanthu, ndipo pa miyezo sindingawatsutse. Koma ndikuona kuti ayankha funso la mmene mungapangire chowambira chabwino, pamene funso limene ndikanakonda kuti wina andifunse ine ndisanagule changa ndi lina: kodi ndani adzakhala pamoto maola onsewo?

Ine ndinagula chopyapyala chimene mukuchinenacho. Tsiku loyamba ndinaika phewa la nkhumba m'mamawa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti alendo adya masana. Choyezera kutentha cha pachivindikiro chinkaonetsa madigiri 120, ine n'kumasangalala, koma nditabwereka choyezera china n'kuchiika pa sefa ndinapeza kuti pafupi ndi moto panali 160, pomwe kumapeto kunali 95. Utsi unkatulukira m'mphepete monse mwa chivindikiro, moti wotulukira kuchumuni unali wochepa kuposa wothawira m'ming'alu. Cha m'ma 3 koloko kunabwera mphepo, moto unazirala, ine n'kuponyamo zikuni zitatu nthawi imodzi chifukwa cha mantha. Nyama inapsa dzuwa litalowa, kunja kwake kuli bii, ndipo inkawawa n'kumachititsa dzanzi lilime. Alendo anadya mwaulemu, koma mbale zinabwerera zikopa za nyama zitaunjikidwa pambali. Ndinachikonzakonza ndithu: ndinamata chingwe chosapsa m'mphepete mwa chivindikiro, ndinatalikitsa chumuni kulowera pansi, ndinaika njerwa m'kati kuti zizisunga kutentha, ndipo chinayamba kumvera. Chaka chachitatu pansi pa bokosi la moto panabooka, monga amisiri anenera.

Komabe chimene chinanditopetsa kwambiri si kupyapyala. Chowambira cha bokosi la m'mbali, ngakhale chikhale cha mamilimita 6, chimafuna chikuni chatsopano mphindi 30 kapena 45 zilizonse. Nyama ya pachifuwa cha ng'ombe ikafuna maola 12, ndiye kuti mudzapita pamoto kopitirira ka 15, ndipo ngati ikufunika masana, ulendo woyamba udzakhala pakati pa usiku. Ena zimenezi n'zimene amazikonda, ndipo sindiwanyoza. Ine ndinaona kuti alendo akafika, maso anga anali ofiira ndipo mtima unali pa bedi.

Ndiye ndinapanga cha mgolo woimirira. Ndi mgolo wamba wachitsulo wa malita 208. Pansi pake, masentimita ochepa kuchokera pothera, ndinaboola mabowo atatu a masentimita 2 olowetsa mpweya, awiri otseka ndi zivindikiro ndipo limodzi lili ndi vavu yochepetsera kapena kuwonjezera mpweya. M'kati muli dengu lachitsulo la makala, loimikidwa pa timiyendo kuti phulusa lizigwera pansi. Sefa ya nyama ili pamtunda wa masentimita 60 kuchokera pa makala, itakhala pa mabawuti anayi. Ndimadzaza dengulo ndi makala osayatsa, ndimakwirira m'katimo zidutswa zinayi kapena zisanu za nkhuni zazikulu ngati chibakera, kenako ndimathira makala oyaka ochepa pamwamba. Moto umatsika pang'onopang'ono, ndipo popeza umapeza mpweya wokhawo umene ndaulola, kutentha kumakhala pa 115 kapena 120 kwa maola 10 ine osaugwira. Sipanafunike kuwotcherera kulikonse, chobowolera ndi sipanala basi.

Ndivomere msanga, agogo ena asanandidzudzule, kuti uwu si moto wa nkhuni zokhazokha. Kutentha kumachokera ku makala, nkhuni zimangopereka fungo, ndipo kakomedwe kake kamasiyana pang'ono ndi ka bokosi la m'mbali, makamaka chifukwa mafuta amadonthera pa makala n'kubweza utsi wawo. Malo ndi ochepanso, ngakhale kuti mapewa awiri a nkhumba amakwana ndipo amakhutitsa anthu 15 popanda vuto. Mgolo nawo uli ndi zoopsa zake. Musatenge umene munali mankhwala kapena umene simukudziwa chimene chinalimo, ndipo ambiri osungira zakudya amakhala opakidwa m'kati zinthu zofiirira zimene ziyenera kuchoka zonse mpaka chitsulo chioneke. Ngati simukufuna kuboola chilichonse, cha mtundu womwewu chogula chiliko: kampani ya Weber, imene George Stephen anaitchukitsa ndi chootchera chake chobulungira cha 1952, inatulutsa chowambira choimirira chotchedwa Smokey Mountain mu 1981, ndipo chimagwira ntchito mofanana ndi mgolo, kungoti chili ndi beseni la madzi pakati pa moto ndi nyama.

Uphungu wanga, bambo, ndi woti paipi ya alamu anuyo siwola. Yambani ndi mgolo, muwambe nyama kakhumi, ndipo mukaona kuti mtima ukufunabe kukhala pamoto, mukaitane wowotcherera.

Gogo Chikuni anayankha:

Mayi, sindikudzudzulani, ndipo mgolo wanu ndi wanzeru. Koma nyama yowawa imene munapatsa alendo tsiku lija musaikankhire yonse pa chitsulo chopyapyala. Mwanena nokha kuti munaponya zikuni zitatu pa moto wozirala. Kuwawa kunachokera pamenepo, ndipo mwana wanga wofunsayu akapanda kumvetsa zimenezi adzaphika nyama yowawa yomweyo m'chowambira cha makilogalamu 200.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti utsi ukachuluka, nyama ikoma kwambiri. Ndiye amatseka chumuni, amatseka khomo la mpweya, n'kumanyadira chiutsi choyera chimene chikutuluka tolotolo. Utsi wotero ndi wa nkhuni zimene zikunyeka popanda mpweya wokwanira, ndipo umanyamula mwaye ndi phula limene limamatirira pa nyama yozizira, n'kuipatsa kuwawa ndi dzanzi limene mayi atchula. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wobiriwira pang'ono ngati thambo, moti nthawi zina umaoneka pokhapokha mutayang'ana chumuni moyang'anizana ndi chinthu chakuda. Umachokera ku moto waung'ono koma wamalawi, wokhala pa makala ofiira. Fungo limene timalifuna limatuluka pamene lignin, chinthu chimene chimalimbitsa mtengo, chikupsa pa kutentha kokwanira. Choncho chumuni chikhale chotsegula nthawi zonse, ndipo kutentha muzikuwongolera ndi kukula kwa moto, osati poutsamwitsa. Ukatentha kwambiri, dikirani kaye osaponya chikuni, kapena tsegulani chitseko cha bokosi kuti mulowe mpweya wozizira.

Nkhuni zikhale zouma ndithu. Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pamene chikuni choyenera chimakhala ndi chinyezi cha pafupifupi 20 peresenti kapena kucheperapo. Muziwaze, muzisanje pamalo opita mphepo, zofunda pamwamba pokha, kwa miyezi 6 mpaka chaka, ndipo mitengo yolimba kwambiri ngati oak imafuna nthawi yoposa pamenepo. Chikuni chouma chimang'aluka kumapeto, chimapepuka, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira mokweza, pomwe zaziwisi zimangoti phu. Zonyika nkhuni m'madzi musazimvere: madzi salowa patali, ndipo chimene mumaona chikufuka ndi nthunzi chabe. Pa bokosi limene amisiri akuuzani, zikuni zikhale zotalika masentimita 25 kapena 30, zonenepa ngati mkono wanu. Ine ndimasanjika chikuni chotsatira pamwamba pa bokosi la moto kuti chizifunda, ndipo ndikachiponya pa makala chimagwira malawi nthawi yomweyo osayamba chafuka.

Mitengo yolimba ndi ya zipatso ndiyo yabwino. Oak ndi wofatsa ndipo amayenera nyama ya ng'ombe, hickory ndi wamphamvu, mesquite amaposa onse moti pa maola ambiri amatha kuphimba kukoma kwa nyama, pamene apozi ndi cherry ndi opepuka, oyenera nkhuku ndi nkhumba. Paini ndi mitengo ina ya utomoni imatulutsa mwaye wambiri. Matabwa opaka penti, omata ndi guluu, kapena othiridwa mankhwala oletsa chiswe asayandikire n'komwe, popeza ena mwa mankhwala amenewo muli poizoni wotchedwa arsenic. Mtengo wa maluwa wotchedwa oleander ndi wapoizoni thupi lonse, ndipo lamulo langa ndi loti mtengo umene sindiudziwa dzina suphika chakudya changa.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ophunzira, ndipo n'kutheka kuti n'chimene chinachedwetsa nyama ya mayi. Nthuli yaikulu ikafika madigiri a pakati pa 65 ndi 75 m'kati mwake, kutentha kwake kumaima, nthawi zina kwa maola atatu kapena kuposa. Anthu ankanena zambiri za chimenechi, koma wasayansi Greg Blonder anaonetsa kuti n'chimodzimodzi ndi thukuta: madzi akuuluka pa nyama amaiziziritsa pa mlingo womwewo umene moto ukuitenthetsera. Apa si posonkhezera moto mwamantha. Mutha kudikira, kapena kuikulunga m'pepala lochindikala kapena la aluminiyamu kuti nthunzi isathawe. Nyama yolimba imafewa bwino ikafika madigiri 90 mpaka 96, mitsempha yake itasungunuka, ndipo chizindikiro chake n'choti chobayira chimalowa popanda kukakamiza. Nkhuku ndi nkhani ina, imangofunika kufika 74 kuti ikhale yosaopsa kudya. Kaya mugula kaya mupangitsa, ndalama ina muisungire choyezera kutentha chabwino cha waya wolowa m'nyama, ndipo muchiyese m'madzi a ayezi, momwe chiyenera kuonetsa 0.

Mzere wofiirira umene umaoneka pansi pa khungu la nyama yowamba ndi wokongola, koma ulibe kukoma kulikonse. Umabwera chifukwa mipweya ya m'moto imagwirana ndi chinthu chimene chimafiiritsa nyama, basi. Ndaonapo anthu akukangana za mzere umenewu nyama ikuzizira patebulo.

Mlendo pa Moto anayankha:

Ndathokoza kwambiri amisiri, mayi, ndi inu agogo. Dzulo ndinapita kwa alamu ndi choyezera, ndipo paipi ija ndi ya mamilimita 6. Akuti inali ya madzi, ndipo m'kati mwake muli dzimbiri lapamwamba chabe, mulibe phula kapena chopaka chilichonse. Mathanki awiri aja ndawasiya pomwe anali.

Mayi, mawu anu ndawaganizira usiku wonse, ndipo mayi akunyumba atawawerenga anaseka n'kunena kuti mukundidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira. Komabe ndikuona kuti kukhala pamoto ndi mbali ya chimene ndikuchifuna, ndipo nyama za maola 12 ndidzaziwamba kangapo kokha pachaka. Masiku ena zidzakhala nthiti ndi nkhuku, zimene sizifuna kudzuka usiku. Ndiye ndatsimikiza zopangitsa.

Amisiri, ndatsala ndi mafunso awiri. Mnyamata wowotcherera akuti anaona mtundu wina umene chumuni chimakhala mbali yomweyo ya bokosi la moto, ndipo akuti umathetsa vuto limene mayi anakumana nalo la kutentha mbali imodzi. Kodi n'zoona, nanga ndiyenera kuutsata? Chachiwiri, akamaliza ntchito, ndichite chiyani ndisanaikemo nyama yoyamba?

Mmisiri wa Zitsulo anayankha:

Mnyamatayo akunena zoona, bambo. Mu mtundu umenewo amawotcherera chitsulo chafulati pansi pa sefa, kuchokera kukhomo la moto mpaka pafupi ndi mapeto, n'kusiya mpata kumeneko. Utsi umayenda pansi pa chitsulocho, n'kukhota, n'kubwerera pamwamba pa nyama kulowera kuchumuni. Kutentha kumafanana bwino mbali zonse, ndipo chitsulocho chimatetezanso nyama ku malawi. Kuipa kwake n'koti kulemera kumawonjezeka, chowambira chimachedwa kutentha, utsi umayenda ulendo wautali motero mpweya sukoka mwamphamvu, ndipo pansi pa chitsulo chowotchereracho sipafikika pofuna kutsuka.

Pa paipi ya masentimita 120 ine sindikanatero. Chumuni chikhale kumapeto monga mwa masiku onse, koma awotcherere kachitsulo kopendeka pamwamba pa khomo la moto kuti malawi asamenye nyama mwachindunji, ndipo akudulireni zitsulo zafulati zitatu kapena zinayi zongosanjika pansi pa sefa, zosawotcherera. Pafupi ndi moto muzizigundanitsa, kutali muzisiya mipata yokulirapo, ndipo mudzazisuntha mpaka kutentha kufanane. Kusiyana pang'ono kukatsala n'kothandiza, chifukwa nkhuku imakonda mbali yotentha kuti khungu lake lisakhale ngati mphira.

Akamaliza, mukweche dzimbiri lonse la m'kati ndi bulashi ya waya, mutsuke ndi sopo kuti tizitsulo ta makina odulira tichoke, kenako musonkhe moto waukulu kwa maola awiri kapena atatu mulibe chakudya. Chikazirala n'kutsala chofunda, mupake mafuta ophikira m'kati monse mopyapyala, n'kusonkhanso moto wa madigiri pafupifupi 150 kwa maola ena atatu, mpaka m'kati mude ndi kunyezimira. Penti ndi wa kunja kokha, ndipo akhale wopirira moto, ngakhale kuti pa bokosi la moto adzapserera ndithu, choncho ambiri timangopakapo mafuta nthawi ndi nthawi. Zonsezi muchitire panja, kutali ndi khoma ndi denga, osati m'galaja, chifukwa moto wa makala umatulutsa mpweya wakupha umene suoneka kapena kununkha. Pa moto wachiwiriwo, yalani zidutswa za buledi pa sefa yonse kwa mphindi zingapo: zimene zidzayambe kuda zidzakuonetsani pamene pali potentha, ndipo mudzadziwa kosunthira zitsulo zija.

Khomo la pakati pa bokosi la moto ndi paipi asalidule kaye. Likachepa moto umatsamwa, ndipo kulikulitsa zonse zitawotchereredwa kale ndi ntchito yowawa. Muyeze m'mimba mwa paipiyo cha m'kati, osati cha kunja, komanso msinkhu umene mukufuna kuti sefa ikhalepo, mulembe manambalawo pano, ndipo ndikuwerengerani kukula kwa khomolo mnyamatayo asanayatse makina.